Ajenti wa inshuwalansi ya pa intaneti ndinamudziwira pa mafunso ake

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga a mabizinesi ang'onoang'ono kudzera m'nyuzipepala yanuyi. Nkhani yanga ndi ya inshuwalansi yoteteza bizinesi kwa akuba a pa intaneti, makamaka ya munthu amene amakugulitsa inshuwalansiyo. Munthu ameneyu ndinamufunafuna miyezi itatu, ndalama zitandithawa kale, ndiye ndaona kuti kukhala chete ndi zimene ndinaona kungakhale kuuma mtima.

Ndili ndi kabizinesi kosindikiza. Timapanga mabuku a malisiti, makalendala, mapositala ndi timabuku ta mabungwe. Tilipo anthu 7 pamodzi ndi ine. Kuyambira pamene ndinagula makina anga oyamba ndakhala ndikulipira inshuwalansi ya moto ndi kuba, osaphonya chaka n'chimodzi chomwe. Mumtima ndinkati mipata yonse ndatseka, poti chitseko ndi chachitsulo, mazenera ali ndi zitsulo, mlonda aliponso.

Linali Lachinayi masana. Tinali ndi oda yaikulu ya makalendala ndipo mapepala anali atatsala pang'ono kutha. Mlembi wathu wa zachuma, mtsikana amene wagwira nane ntchito zaka zambiri osasowetsapo kanthu, anabwera kumakina ndi pepala m'manja. "Bwana, a mapepala alemba kuti asintha akaunti. Akuti yakale aiimitsa kaye chifukwa kukubwera owerengera mabuku awo." Ndinaliyang'ana pepalalo ndili chiimire, manja ali inki yokhayokha. Imeloyo inali kumunsi kwa makalata athu onse akale, moni wake womwewo, siginecha yomweyo, chizindikiro cha kampani chomwecho, ndipo ndalama yake inali yeniyeni imene tinagwirizana. Ndinati, "Lipirani, makina asaime." Mawu amenewo ndinanena ndine, si mtsikanayo.

Patapita masiku 9 bambo amene amatigulitsa mapepala anaimba foni kufunsa kuti ndalama yawo ifika liti. Ndinawauza kuti tinalipira kalekale ku akaunti yatsopano ija. Anangoti zii kaye, kenako anafunsa kuti, "Akaunti yatsopano iti?" Miyendo inandizizira. Kubanki anatithandiza momwe akanathera, koma ndalamazo zinali zitatulutsidwa kale kumene zinapita.

Madzulo ake mnyamata amene amatikonzera makompyuta anakhala pampando wanga n'kulowa mkati mwa imelo yathu, kumene munthu amaikako malamulo a mmene makalata aziyendera. Anandilozera kamzere kamodzi. Linali lamulo limene palibe wa ife analiika, loti kalata iliyonse yochokera kwa a mapepala izipita ku foda ina yobisika, imene dzina lake linali kadontho kamodzi basi. Titatsegula fodayo tinapezamo makalata enieni atatu a bambo aja, kuphatikizapo yotikumbutsa za ngongole. Kenako anakulitsa adiresi ya imelo yabodza ija mpaka zilembo zinadzaza sikirini. Pamene panayenera kukhala "m" panali "r" ndi "n" zogundana. Akubawo anali atakhala m'bokosi lathu la makalata kwa masabata, akuwerenga mwakachetechete mmene timalemberana, kudikira invoisi yonona. Kiyi ndinawapatsa ndine. Ndinakumbukira uthenga wina wonena kuti bokosi langa ladzaza, ndipo ndinalemba pasiwedi yanga patsamba limene unanditengerako.

M'mawa mwake ndinaimbira amene ndimalipirako inshuwalansi. Anandifunsa mwaulemu ndithu. Kodi chitseko chinathyoledwa? Ayi. Pali katundu amene anatuluka? Ayi. Nanga ndalamazo anazitumiza ndani? Ndife. "Pepani bambo, zimenezo mulibe mumgwirizano wanu." Usiku ndinawerenga chikalata chonse kwa nthawi yoyamba chigulireni, ndipo sananame. Munali ndime yonena mosapita m'mbali kuti chilichonse chotayika kudzera m'makompyuta, komanso ndalama imene mwini watumiza yekha, siziwakhudza.

Mtsikana uja anadwala nazo nkhaniyi, moti anafuna kusiya ntchito. Chimene chinamubweza mtima pang'ono ndi nkhani ya Evaldas Rimasauskas wa ku Lithuania, amene pakati pa 2013 ndi 2015 ankatumiza mainvoisi abodza kwa Facebook ndi Google podzionetsa ngati kampani ya ku Taiwan yotchedwa Quanta Computer. Makampani awiriwo anamulipira ndalama zoposa madola 100 miliyoni, ndipo khoti la ku New York linamulamula kukakhala kundende zaka 5 mu 2019. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, ngati awo amene intaneti ndi munda wawo anagwa m'mbuna yomweyi, iwe usadzione ngati chitsiru." Bungwe lofufuza milandu la FBI ku America linalandira madandaulo oposa 21,000 a chinyengo cha mtundu umenewu m'chaka cha 2023 chokha, ndipo ndalama zotayika zinaposa madola 2.9 biliyoni. Amenewo ndi okhawo amene anakadandaula. Ambiri a ife timangomeza malovu chifukwa cha manyazi.

Ndinayamba kufufuza pa intaneti pomwepo, monga amachitira aliyense masiku ano. Masamba ogulitsa inshuwalansi imeneyi ndi mbwee. Umalemba dzina la bizinesi, chiwerengero cha antchito, ndalama imene umapeza pachaka, kenako mtengo uja watuluka. Ambiri mwa iwo anali a m'mayiko ena, ndipo ndinadziwa mochedwa kuti inshuwalansi ndi malonda oyendera malamulo a dziko lililonse palokha. Kampani kapena munthu wogulitsa amayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira za inshuwalansi m'dziko limene iwe uli. Ukagula kwa wopanda chiphaso, tsiku la mkangano umasowa kokadandaula. Masabata awiri anandithera pamenepo.

Kenako ndinabwerera kwa anthu ooneka ndi maso. Woyamba anali bambo wodziwa bwino za magalimoto ndi moto, munthu wachilungamo. Ndinawafunsa kuti chikadandichitikira chija ndili ndi inshuwalansi imene akundigulitsayi, akadandilipira? Anatembenuza kabuku kawo uku ndi uku, n'kunena kuti akafunsa kulikulu. Sanabwerenso ndi yankho. Wachiwiri anandiuza mtengo tisanathe ndi moni womwe, osafunsa ngakhale kuti tili ndi makompyuta angati. Anati ndingosaina, fomu adzadzaza yekha kuofesi kuti asandivutitse. Nthawi imeneyo ndinaona ngati ndi chifundo. Lero ndikudziwa kuti akadandipha ndi chifundo chimenecho, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Wachitatu ndinamupeza pofunsa. Safunsa anadya phula, ndiye ndinavula manyazi n'kuuza akauntanti amene amatiwerengera mabuku pakutha pa chaka zonse zimene zinachitika. Iwo amaona mabuku a mabizinesi ambiri ndipo amadziwa amene analipidwa atagwa m'vuto ndi amene anakanidwa. Ndinafunsanso mnyamata wa makompyuta uja, ndi anzanga awiri a m'bungwe lathu la amalonda. Funso langa silinali lakuti ndani amagulitsa, koma lakuti ndani anathandizapo munthu mpaka kulandira chipukuta misozi. Dzina la mayi wina linatchulidwa kawiri. Ndisanawaimbire ndinayang'ana pamndandanda wa anthu a ziphaso umene bungwe loyang'anira za inshuwalansi limasunga, ndipo dzina lawo linalipo.

Apa pali kusiyana kumene ine sindinkakudziwa. Ajenti nthawi zambiri amaimira kampani ya inshuwalansi, ndipo amagulitsa zimene kampaniyo ili nazo. Pomwe broker amaimira iwe wogula, amazungulira makampani angapo kukufunira chokuyenera. Onsewa kawirikawiri amalipidwa komishoni kuchokera pa ndalama imene iwe ukulipira, choncho palibe cholakwika kumufunsa munthu maso ndi maso kuti akuimira ndani, wafunsa makampani angati, ndipo iye apezapo chiyani. Mayi amenewa anali broker. Anayankha mafunso atatuwo osaphethira. Sindikunena kuti ajenti wa kampani imodzi ndi woipa, ayi. Akakhala wodziwa ntchito yake ndi wabwino ndithu, koma uzidziwa kuti m'sitolo mwake muli katundu wa mtundu umodzi.

Mayiwo anakana kunena mtengo pafoni. Anati abwera adzaone kaye. Anafika ndi kope ndi cholembera, n'kukhala nafe pafupifupi maola awiri, makina akulira kuseri. Anafunsa amene ali ndi mphamvu yotumiza ndalama, ndi ngati munthu mmodzi angathe kutero yekha. Anafunsa ngati timasunga mayina, manambala a foni kapena ziphaso za makasitomala. Ndinati ayi, kenako ndinakumbukira kuti m'kompyuta ya wojambula wathu muli mindandanda ya mamembala a mabungwe amene tinawasindikizira makadi, zithunzi zawo ndi masiku awo obadwa, zina za zaka zambiri zapitazo. Analemba. Anafunsa kuti makompyuta onse atazima lero, tingagwire ntchito masiku angati. Ndinawerenga pa zala, ndipo chala choyamba sichinathe n'komwe, chifukwa mafayilo onse a makasitomala, mitengo ndi ngongole zili mmenemo.

Kenako anati, "Bambo, mwati muli ndi backup. Tandionetseni." Ndinawalozera kabokosi kakuda kokoperamo mafayilo athu kuti asatayike, kamene kamakhala pamwamba pa kompyuta yaikulu, kolumikizidwa ndi waya usana ndi usiku. Anati, "Chabwino. Tanditulutsireni mmenemo fayilo imodzi ya sabata yatha." Wojambula wathu anatsegula. Fayilo yomaliza inali ya miyezi 7 yapitayo. Pulogalamu yokopera inasiya kugwira ntchito kalekale popanda wodziwa. Mayiwo sanaseke kapena kundinyoza. Anangofotokoza kuti ngakhale kakadakhala kuti kakugwira ntchito, vayirasi yotseka mafayilo, imene amati ransomware, ikalowa m'kompyuta imatsekanso chilichonse cholumikizidwa nayo. Kabokosi kangako kakadapsa limodzi ndi nyumba. Atakweza kiyibodi ya pamalo olandirira alendo anapeza kapepala ka mapasiwedi kataphatikidwa kunsi. Anapezanso kuti imelo ya mnyamata amene anasiya ntchito kwathu zaka ziwiri zapitazo inali ikadali yamoyo.

Anatiuza nkhani ya Knights of Old, kampani ya mathiraki ya ku England imene inali pansi pa gulu la KNP ndipo inali itakhalapo zaka 158. Mu 2023 akuba a ransomware analowa, ndipo akuganiziridwa kuti anangolota pasiwedi yofooka ya wantchito mmodzi. Kampaniyo inagwa, anthu pafupifupi 700 ntchito inawathera. Inshuwalansi ya pa intaneti anali nayo. Mayiwo anati, "Ndikukuuzani dala nkhani imeneyi ngakhale ndine wogulitsa. Inshuwalansi imabweza ndalama, koma siibweza mafayilo amene simunasunge."

Pomaliza anatseka kope lawo n'kunena kuti sangatitengere ku kampani iliyonse tili chonchi, chifukwa kaya atikana, kaya atilipiritsa zochuluka. Anatipatsa mwezi umodzi woti tikonze zinthu zinayi. Imelo iliyonse ikhale yotsimikizira kawiri, ndiye kuti pasiwedi ndi kanambala kobwera pafoni, zimene akatswiri amati MFA. Mafayilo azikopedwa pawiri, kwina kukhale kosalumikizidwa, ndipo tiziyesa kuwabweza mwezi ndi mwezi. Maakaunti a anthu amene anachoka atsekedwe. Ndipo aliyense wonena kuti wasintha akaunti ya kubanki aziimbiridwa foni pa nambala imene tili nayo kale m'buku, osati imene yalembedwa mu imeloyo. Zambiri mwa izi sizinatidyere ndalama, zinangofuna nthawi ndi kusiya ulesi.

Tsopano za fomu ija imene wachiwiri uja ankafuna kundidzazira. Fomu ya inshuwalansi imeneyi ili ndi mafunso ambiri a inde kapena ayi, ndipo yankho lililonse ndi lonjezo limene wasainira. Ukanena kuti uli ndi MFA pamene ulibe, kampani itha kufafaniza mgwirizano wonse tsiku limene ukuufuna. Zinachitikapo. Mu 2022 kampani ya inshuwalansi ya Travelers inapita kukhoti ku America kukapempha kuti mgwirizano wake ndi International Control Services, kampani yopanga zipangizo zamagetsi ku Illinois, uthetsedwe. Kampaniyo inali italemba pa fomu kuti imagwiritsa ntchito MFA, koma ransomware itawagwera zinapezeka kuti siinaikidwe paliponse pamene ananena. Mapeto ake mbali ziwirizo zinagwirizana kuti mgwirizanowo uonedwe ngati sunakhaleponso. Ife fomu yathu tinadzaza anthu atatu, ine, mayiwo ndi mnyamata wa makompyuta, funso limodzi limodzi. Pamene yankho loona linali lakuti "pang'ono", tinalemba kufotokoza pambali m'malo mongochonga inde.

Mwezi utatha anabweretsa zikalata za makampani atatu, ndipo apa ndi pamene ndinaona phindu la munthu wodziwa kuwerenga timalemba ting'onoting'ono. Anayamba ndi zimene sizilipidwa, asanafike pa zimene zimalipidwa. Mwachidule inshuwalansi imeneyi ili ndi mbali ziwiri. Ina imalipira zako, monga akatswiri ofufuza mmene akuba analowera, kubwezeretsa mafayilo, ndi phindu limene wataya bizinesi itaima. Ina imalipira pamene ena akukuimba mlandu, monga makasitomala amene zinsinsi zawo zatuluka kudzera kwa iwe, pamodzi ndi maloya. Zimenezo zikalata zonse zitatu zinali nazo. Koma bala langa lenileni, lotumiza ndalama kwa wakuba ndi manja anga, chikalata chotsika mtengo kwambiri chinalibe n'komwe. Chachiwiri chinali nalo, koma ndalama imene angabweze pa chinyengo chotere inali kagawo kochepa ka chiwerengero chachikulu cholembedwa patsamba loyamba. Ndikadagula ndekha ndikadangoona chiwerengero chachikulucho n'kumagona tulo. Chachitatu chinali ndi malire okwererapo pa chinyengo chotere, koma ndi lamulo loti ngati sunaimbe foni kutsimikizira usanatumize, sakulipira. Ndinasankha chachitatucho, ndipo lamulo limenelo ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse.

Panalinso tina timene sindikadatiganizira. Pali gawo limene umayamba walipira wekha kampani isanalowererepo, limene amati excess, ndipo likakwera mtengo wa pachaka umatsika, choncho uyenera kudzifunsa moona mtima kuti ungatulutse zingati m'thumba tsiku loipa. Pa bizinesi yoima, salipira kuyambira ola loyamba. Pamakhala maola odikira, ndipo kuzima kwa theka la tsiku kutha kukhala kwako wekha. Pali tsiku loyambira limene chilichonse chochitika lisanafike sichiwerengedwa, zimene ndi zofunika kwambiri poti akuba amatha kukhala m'kompyuta nthawi yaitali asanaonekere, monga anachitira kwa ine. Ndipo vuto limene ukulidziwa kale uyenera kuliulula. Ine langa lija ndinaliulula lonse.

Anandifunsanso funso limene linandidabwitsa, lakuti nanga vuto likagwera kampani imene ife timadalira, osati ife. Mu July 2021 akuba analowa kudzera mu pulogalamu ya kampani ya Kaseya, imene akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito posamalira makompyuta a makasitomala awo. Masitolo a Coop pafupifupi 800 ku Sweden anatseka chifukwa makina olipirira anasiya kugwira ntchito, chonsecho olakwa sanali iwo. Ife pulogalamu yathu ya maakaunti imakhala pa intaneti, kwa kampani imene sindinaionepo. Ikazima, nafenso tazima. Zikalata zina zimalipira zotere, zina ayi.

Ndime ya nkhondo ndinafuna kuidumpha. Ndinati ine wosindikiza makalendala nkhondo indipeza bwanji? Mayiwo anandikumbutsa za NotPetya, vayirasi imene inayambira ku Ukraine mu June 2017 kudzera mu pulogalamu yowerengera misonkho, n'kufalikira kumayiko ena osasankha wamkulu kapena wamng'ono. Maersk, kampani ya sitima zapamadzi ya ku Denmark, inataya pafupifupi madola 300 miliyoni. Maboma a America ndi Britain ananena kuti inachokera kwa asilikali a Russia. Merck, kampani yopanga mankhwala, itapempha chipukuta misozi cha pafupifupi madola 1.4 biliyoni, makampani ena a inshuwalansi anakana ponena kuti imeneyo inali nkhondo. Makhoti a ku New Jersey anaikira kumbuyo Merck, ndipo nkhaniyo inatha pogwirizana kumayambiriro kwa 2024, patatha zaka zoposa 6. Chifukwa cha mikangano yotere, msika wa inshuwalansi wa Lloyd's ku London unalamula mu 2022 kuti kuyambira kumapeto kwa March 2023 zikalata za inshuwalansi ya pa intaneti zizinena momveka za ziwembu zochirikizidwa ndi maboma. Merck inali ndi maloya oti n'kulimbana zaka zonsezo. Ine ndilibe, ndiye ndime imeneyo ndinaiwerenga kawiri.

Za dipo ndinene maganizo anga. Zikalata zina zimabweza ndalama imene walipira akuba kuti akutsegulire mafayilo, zina sizibweza. Kampani ya inshuwalansi ya AXA inalengeza mu May 2021 kuti ku France yasiya kugulitsa zikalata zatsopano zobweza dipo. Ine sindifuna kudzalipira wakuba, chifukwa ndalama imeneyo ndi imene amakabera nayo mnzanga mawa, komanso palibe chikole choti akalandira adzatseguladi. Koma sindingaweruze munthu amene antchito ake akudikira malipiro ndipo mafayilo onse atsekedwa. N'chifukwa chake nkhani ya backup ndaigwira ndi manja awiri, kuti funso limenelo lisadzandifike.

Ena adzati, nanga bwanji ukulimbikira munthu wapafupi pamene vuto lake ndi la pa intaneti, lopanda malire? Yankho langa ndi kabokosi kakuda kaja. Palibe tsamba la pa intaneti limene likadakweza kiyibodi yanga kapena kundiuza kuti nditulutse fayilo ya sabata yatha. Wapafupi amadziwanso malamulo a kumene uli okhudza zinsinsi za anthu, pakuti amasiyana dziko ndi dziko. Ku Europe, mwachitsanzo, lamulo la GDPR limene linayamba kugwira ntchito mu May 2018 limapereka maola 72 oti udziwitse akuluakulu zinsinsi za anthu zikabedwa. Kwina nthawi ndi njira zake ndi zina, ndipo munthu amene ali m'vuto alibe mpata woyamba kufufuza zimenezo. Komanso amene amakumana nawe pamsewu amachita manyazi kukuthawa.

Ngakhale zili choncho, kukhala pafupi kokha sikukwanira, poti awiri oyamba aja analinso apafupi. Ndipo broker si amene amazimitsa moto. Chikalata chabwino chimakhala ndi nambala yoimba usana ndi usiku, ndi gulu la akatswiri ndi maloya amene kampaniyo inawavomereza kale. Ukathamangira kulemba ntchito katswiri wako, kapena kufufuta kompyuta kuti uyambirenso usanawadziwitse, utha kuwononga umboni ndipo atha kukana kukubwezera zimene wawononga. Ndinafunsa kuti nambalayo amayankha ndani, ali kuti, ndipo adzabwera kapena adzathandiza ali kutali. Mayiwo anaimba nambalayo pomwepo ine ndikumva, kuti tione ngati munthu ayankhe. Anayankha.

Mnzanga wina wa bizinesi yokonza magalimoto anandiuza kuti ndalama ya inshuwalansiyi bola kugulira chitetezo chenichenicho. Mbali ina akunena zoona. Amene ndalama yake ikukwanira chimodzi chokha ayambe ndi MFA, backup ndi lamulo loimba foni, ndipo ajenti wachilungamo adzamuuza zomwezo. Ndalama ya pachaka imapweteka, sindinama, makamaka miyezi imene maoda achepa. Koma ine ndinaona mmene masana amodzi amatengera phindu la miyezi yambiri, ndipo ndili ndi mabanja 6 amene amadya kudzera pa makina anga. Ndinagula chikalata cha malire ochepa, cholingana ndi msinkhu wanga, osati chachikulu chimene ndikadalephera kulipira chaka chachiwiri.

Pempho langa kwa makampani a inshuwalansi ndi lakuti aphunzitse maajenti awo. Bambo oyamba aja sanali achinyengo, anangotumidwa kukagulitsa chinthu chimene sanawafotokozere. Zikalatazi zilembedwenso m'chilankhulo chimene mwini bizinesi wamba angamve, chifukwa masamba ambirimbiri a chilankhulo cha maloya amachititsa munthu kusaina asanawerenge. Kwa inu akonzi, tipatseniko danga patsamba la zamalonda loti anthu odziwa aziyankha mafunso athu pa nkhani imeneyi. Nkhani za makampani akuluakulu obedwa timaziwerenga, koma za ife a antchito asanu kapena khumi sizimveka, chonsecho ndife amene kugwa kamodzi kumatitsekera chitseko.

Nambala yoimba pa ngozi ija tinailemba pa khadi n'kuiphatika pakhoma pafupi ndi makina odulira mapepala, chifukwa tsiku limene makompyuta adzatsekedwe sitidzatha kuifufuza mu imelo. Mwezi wathawu kunabwera kalata ina, ulendo uno m'dzina la amene amatigulitsa inki, yonena kuti asamukira ku banki ina. Mtsikana uja sanabwere kumakina kudzandifunsa. Anatsegula buku lathu lakale la manambala, n'kuimba. A inki anati sanasinthe kanthu, ndipo anathokoza chifukwa sankadziwa kuti wina akulemba makalata m'dzina lawo. Tinatumiza kalatayo kwa mayi aja kuti aisunge m'fayilo yathu, poti mgwirizano ukutha miyezi iwiri ikubwerayi ndipo ati adzabweranso ndi kope lawo kudzayesa backup.

Ine wanu,
Mwini kabizinesi kosindikiza